Dzina Lotsala pa Bwinja la Allensworth

Munthu woyenda m'midzi akafika pamalo pamene pali mitengo ya mango yoima payokha popanda nyumba pafupi, ndi mapale a miphika obalalika m'fumbi, ndi mphero yosweka yogona chafufumimba m'udzu, safunika kuuzidwa kuti wafika pabwinja. Ndipo akafunsa mkulu wa kumeneko kuti pano panali pa yani, adzamva dzina la munthu, pakuti mudzi uliwonse umayamba ndi mmodzi amene anakhoma chikhomo choyamba, ndipo dzina lakelo limachedwa kuwola koposa nsichi ndi mapaso. Za bwinja lotere ndifuna kukamba pano, koma si la kuno kwathu ayi. Lili kutsidya la nyanja yamchere, m'dziko la America, m'chigwa chachikulu cha San Joaquin m'chigawo cha California, pakati pa mizinda ya Bakersfield ndi Fresno, m'boma la Tulare. Dzina lake ndi Allensworth, ndipo mwini dzinalo anali munthu wakuda amene anabadwa kapolo, nagulitsidwa pamsika ngati mbuzi, koma namwalira ali kholo la mudzi.

Allen Allensworth anabadwa pa 7 Epulo 1842 mumzinda wa Louisville, m'chigawo cha Kentucky, ali mzime mwa ana 13 a Levi ndi Phyllis. Ndipo popeza mayi wake anali kapolo wa banja la Starbird, lamulo la masiku amenewo linamuyesa iyenso chuma cha banjalo kuyambira tsiku limene analira koyamba. Mbumba ya Phyllis sinakhalitse pamodzi: ana aamuna akuluakulu anagulitsidwa kuminda ya kumwera, mwana wamkazi mmodzi anathawira ku Canada, ndipo bambo anamwalira Allen adakali wamng'ono. Mnyamatayo anaperekedwa kwa Thomas, mwana wa mbuye wake, kuti azimutumikira, ndipo Thomas atayamba sukulu, kapolo wake anayamba kutola zilembo zogwa pakamwa pake monga nkhuku itola mitama pansi pa mtondo. Eni ake atazindikira zimenezi anamuchotsa, namupereka kwa mayi wina wa mpingo wa Quaker. Koma mayiyo, m'malo mozimitsa motowo, anausonkhezera, pakuti anapitiriza kumuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Pamenepo eni ake aja anamutumiza kumunda wa ku Henderson m'chaka cha 1854, ali ndi zaka 12, kumene chikoti chinkayembekeza kapolo aliyense wopezeka ndi buku m'manja. Eni akapolo ankadziwa bwino chimene ankaopa, ndipo sanalakwe pakuopa kwawo.

Kawiri anayesa kuthawa osaphula kanthu, ndipo chilango chake chinali kugulitsidwa. Anadutsa m'manja mwa amalonda ku Memphis mpaka ku New Orleans, kumene anagulidwa ndi mwini akavalo a mpikisano, amene anamuphunzitsa kukwera ndi kuthamangitsa akavalowo. Akavalo omwewo ndiwo anamubweza kwawo, pakuti nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa kumpoto ndi kumwera itayamba mu 1861, mbuye wake anapita naye ku mpikisano wa ku Louisville, ndipo kumeneko mnyamatayo anakumana ndi asilikali a kumpoto a gulu la 44 la ku Illinois, amene atamva kulakalaka kwake kwa ufulu anamubisa pakati pawo, natuluka naye mumzindamo ali wothandiza kusamalira odwala ndi ovulala. Mu Epulo 1863 analowa usilikali wa pamadzi, natumikira m'zombo zankhondo zotchedwa Queen City ndi Tawah, nalandira kwa nthawi yoyamba malipiro a thukuta lake.

Kuyambira pano tiwatchule a Allensworth, monga ayenera kutchulidwira mkulu. Nkhondo itatha anachita malonda a malo odyera ku St. Louis pamodzi ndi mkulu wawo William, nabwerera ku Louisville kukafuna maphunziro amene anamanidwa paubwana. Anadzozedwa ubusa mumpingo wa Baptist mu 1871, ndipo mu 1877 anakwatira mayi Josephine Leavell, katswiri woimba limba, amene anawabalira ana aakazi awiri, Eva ndi Nella. Mu 1886 Pulezidenti Grover Cleveland anawasankha kukhala m'busa wa gulu la 24 la asilikali oyenda pansi, limodzi la magulu a asilikali akuda amene ankatchedwa Buffalo Soldiers, ndipo kwa zaka 20 anayenda nalo gululo m'malinga a kumadzulo kwa America mpaka ku zilumba za Philippines, akulalikira tsiku la Mulungu ndi kuphunzitsa asilikali kuwerenga masiku ena onse. Anapuma ntchito mu 1906 ali ndi udindo wa Lieutenant Colonel, umene unali waukulu koposa maudindo onse amene munthu wakuda anali atafikapo m'gulu lankhondo la America.

Nkhalamba ya zaka 64, yokhala ndi penshoni ndi ulemu ndi nyumba mumzinda wa Los Angeles, ikanatha kukhala pakhonde nkumalera zidzukulu, ndipo palibe akanainena. Koma dziko limene a Allensworth anapumiramo silinali lopumirapo munthu wakuda. Ukapolo unali utatha pa pepala mu 1865, koma kumwera kunali malamulo a tsankho oletsa wakuda kukwera chipinda chimodzi cha sitima ndi mzungu, kuphunzira naye sukulu imodzi, kapena kuponya voti. Khoti lalikulu la dzikolo linali litavomereza tsankho lotere mu 1896. Ndipo anthu akuda ambiri ankaphedwa ndi magulu a anthu popanda mlandu kuzengedwa. Ambiri ankalima minda ya eni, nkumagawana nawo zokolola mwa njira imene inkasiya wolimayo m'ngongole chaka ndi chaka. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A Allensworth anaganiza kuti yankho linali mudzi: malo amene munthu wakuda adzakhala mwini nthaka, mwini sitolo, mphunzitsi wa ana ake ndi woweruza wa milandu yake, kotero kuti onyoza adzaone ndi maso chimene ankakana kumva ndi makutu.

Maganizo amenewa, a ulimi ndi luso la manja ndi kudzidalira, amene Booker T. Washington ankawaphunzitsa pasukulu yake ya Tuskegee ku Alabama, si achilendo kwa ife. Mphepo yomweyo ndiyo inawomba pa John Chilembwe pamene ankaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, thandizo lake linkachokera kwa akhristu akuda a Baptist a ku America. Abusa awiri a mpingo umodzi, wina ku Chiradzulu wina ku Tulare, ankamanga pa zaka zomwezo, ndipo anatsikira kumanda motsatizana, miyezi isanu isanakwane pakati pawo.

Mu 1908 a Allensworth anapangana ndi anzawo anayi, amene anali mphunzitsi William Payne, m'busa William Peck, John Palmer wa ntchito za migodi, ndi Harry Mitchell wa malonda a malo, nakhazikitsa bungwe lotchedwa California Colony and Home Promoting Association. Anapeza malo m'mbali mwa njanji ya kampani ya Santa Fe, pa siteshoni yaing'ono imene inkatchedwa Solito, pamene nthaka inali yotsika mtengo, yosalala ngati mphasa, ndipo madzi ankatumphuka okha m'zitsime zina popanda wopopa. Eni malowo, kampani ya azungu ya Pacific Farming Company, anavomera kugulitsa kwa anthu akuda, chinthu chimene ambiri ankakana masiku amenewo, nalonjezanso kupereka madzi okwanira mudzi ndi minda. Mu Ogasiti chaka chomwecho mudzi unayezedwa, ndipo dzina la Solito linapereka malo kwa dzina la mkulu amene aliyense ankangomutchula kuti Colonel. Miseu inapatsidwa maina a ngwazi za mtundu wawo, monga Sojourner Truth, Frederick Douglass ndi mlakatuli Paul Laurence Dunbar, kuti mwana wopita kukagula mchere aziponda mbiri ya makolo ake.

Mbiri ya mudziwo inafalikira m'nyuzipepala za anthu akuda, ndipo mabanja anayamba kufika kuchokera kutali, ena mwa iwo ali asilikali opuma amene anamvapo ulaliki wa Colonel m'malinga. Analima tirigu, thonje, mbewu ya mizu yopangira shuga, ndi udzu wodyetsera ng'ombe wotchedwa alfalfa. Anaweta ng'ombe zamkaka, nkhuku, nkhukundembo ndi akalulu. Panali positi ofesi, hotela, malo ometera tsitsi, nyumba yophikira buledi, ndi masitolo, monga ya mayi Mary Jane Bickers, ya a Joshua Singleton ndi ya a Zebedee Hindsman. Ndipo popeza alimi a madera ozungulira ankabweretsa dzinthu ndi ziweto zawo kudzakweza sitima pa siteshoniyo, ndalama za alendo zinkatsala m'mudzimo. Mu 1912 anthu anavomerezana kusenza ngongole ya madola 5,000 kuti amange sukulu yabwino, imene a Payne anali mphunzitsi wake wamkulu, ndipo nyumba yomweyo inkasanduka bwalo la misonkhano, la mitsutso ndi la nyimbo dzuwa likalowa. Mayi Josephine Allensworth anapereka malo a nyumba ya mabuku, naitcha dzina la mayi awo, Mary Dickinson. Ndipo ndimaona kukoma kwapadera pamenepa, kuti m'mudzi wotchedwa dzina la mwamuna, mkazi anakumbukira kuika dzina la kuchikazi pa nyumba ya nzeru. Mu 1914 mudziwo unakhala ndi bwalo lake la milandu, ndipo a Oscar Overr anasankhidwa kukhala woweruza, woyamba mwa anthu akuda kulandira udindo umenewo mu California ya ulamuliro wa America. Anthu onse sanapose mazana ochepa, koma zonse zimene Colonel analota zinalipo, zooneka ndi zogwirika.

Nanga chinadya mudzi umenewu n'chiyani? Pano ndipo tiyenera kudekha, chifukwa pali ena amene akaona bwinja la anthu osauka amathamangira kunena kuti eni ake anali aulesi kapena osadziwa kuyendetsa zinthu, ndipo kunena kotero pa Allensworth kungakhale kunamizira akufa. Anthuwa anagula nthaka, koma sanagule madzi. Madzi anali lonjezo la pa pepala, ndipo fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kampani ija sinakumbe zitsime zokwanira monga inalonjezera, ndipo pamene mudzi unkakula, madzi ankachepa. Anthu anapita nayo ku milandu, ndipo mu 1913 anatenga ulamuliro wa madziwo m'manja mwawo kudzera m'bungwe lawo la Allensworth Rural Water Company; koma chimene analandira chinali zipangizo zoperewera pa ntchito yake, ndipo nthawi yomweyo alimi akuluakulu owazungulira, okhala ndi chuma chogulira makina amphamvu, ankakumba mozama napatutsa mitsinje kumtunda. Madzi a pansi pa nthaka sadziwa malire a munda wa munthu: wokumba mozama amamwa ndi a mnzake omwe. Zitsime zimene zinkatumphuka zokha zinayamba kufuna kupopedwa, kenaka zinaphwa, ndipo nthaka yosathiriridwa bwino inayamba kutuwa ndi chikungu cha mchere umene umapha mbewu.

Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti chigwa chimenechi chinali ndi eni ake ndi maina ake dzina la Solito lisanamveke. Pafupi ndi pamene panamangidwa mudziwo panali nyanja ya Tulare, imene inali yaikulu koposa nyanja zonse za madzi opanda mchere kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi, yodzala nsomba ndi mbalame ndi bango, ndipo m'mphepete mwake munkakhala anthu a mtundu wa Yokuts. Atsamunda atafika anapitikitsa anthuwo, napatutsa mitsinje ya Kings, Kaweah, Tule ndi Kern kuti ithirire minda, mpaka nyanjayo inauma nisanduka minda ya tirigu ndi thonje. Motero ana a akapolo, pofuna pothawira, anafika pa bwinja la anthu ena, m'dziko limene mphamvu yonse inali kale m'manja mwa ogwira ngalande.

Mvula ikakuona litsiro sikata. M'chaka cha 1914, kampani ya Santa Fe inamanga nthambi ya njanji yopita ku Alpaugh, tauni yoyandikana nayo, ndipo katundu wa alimi amene ankadyetsa masitolo ndi hotela ya Allensworth anayamba kukwerera kumeneko. Ndipo chakudza sichiimba ng'oma: mu Seputembala chaka chimenecho Colonel anapita ku Monrovia, tauni ya pafupi ndi Los Angeles yosiyana ndi likulu la Liberia, kukalankhula kutchalitchi, ndipo njinga yamoto inawagunda pamseu; anamwalira pa 14 Seputembala 1914, ali ndi zaka 72, naikidwa m'manda a Rosedale ku Los Angeles, kutali ndi mudzi wa dzina lawo. Chiyembekezo chimodzi chinali chitatsala, ndicho sukulu yaikulu ya ulimi ndi luso la manja imene iwo ndi a Payne ankafuna kuti boma limange pamenepo, ikhale Tuskegee ya kumadzulo, ndi kubweretsa ophunzira ndi ndalama zosadalira mvula kapena chitsime. Nkhaniyo inafika ku nyumba ya malamulo ya California mu 1915, nigwa. Ndipo ena mwa oitsutsa anali anthu akuda a m'mizinda, amene ankaopa kuti boma likangomangira akuda sukulu yawoyawo, khomo la tsankho m'masukulu onse a California lidzakhala litatseguka. Sindingawaweruze anthu amenewa, pakuti mantha awo anali ndi maziko, ndipo mbali zonse ziwiri zinkathawa chilombo chimodzi, wina polowera kuphiri wina kudambo. Koma kwa Allensworth kugwa kwa nkhaniyo kunali kugwa kwa mzati wapakati.

Mudzi sufa tsiku limodzi. Anyamata anapita ku nkhondo ndi ku ntchito za m'mizinda, osabwerera. A Payne anasamukira ku El Centro kukaphunzitsa kumeneko, ndipo mayi Josephine, atakhala zaka zingapo akusunga nyumba ndi sukulu, anatsatira mwana wawo Nella ku Los Angeles. Otsala anayamba kugwira maganyu m'minda ya eni, ndiyo ntchito yomwe makolo awo anaithawa kumwera. Nyumba zinagwa imodziimodzi, matabwa ake natoledwa. Kenaka, m'zaka za m'ma 1960, oyeza madzi anapeza kuti m'zitsime zotsalazo munali poizoni wotchedwa arsenic, wochokera m'nthaka momwemo, ndipo monga ana a Israeli pa Mara, anthu anaima pa madzi amene sakanatha kumwa. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, dzina la Allensworth linali litayamba kusowa pa mapu.

Chimene chinaliletsa kufafanizika kotheratu si boma kapena kampani, koma ana a mudziwo. Dzina la kholo limakhala m'malo awiri, pa nthaka ndi m'kamwa mwa mbumba, ndipo la pa nthaka likafufutika, la m'kamwa limatha kulibwezera. Colonel analibe mwana wamwamuna wonyamula dzina lawo, popeza Eva ndi Nella anakwatiwa natenga maina a amuna awo. Motero mudzi ndiwo unali mwana wawo wosunga dzina, ndipo mbumba yawo inakhala yaikulu koposa ya magazi, pakuti aliyense wobadwira kapena kukulira pamenepo ankadziyesa wa kwa Allensworth. Mmodzi wa iwo anali a Cornelius Pope, amene anakhalako paubwana wawo, nadzagwira ntchito yojambula mapulani mu nthambi ya boma la California yosamalira malo osungidwa. Iwo ndiwo anayamba kuumiriza akuluakulu awo kuti bwinjalo lisalimidwe. Anthu ambiri anagwirizana nawo, ndipo mu 1972 malowo analembedwa m'kaundula wa dziko wa malo a mbiri, mu 1974 boma la California linavomereza kuwasunga, ndipo mu Okutobala 1976 anatsegulidwa ndi dzina lakuti Colonel Allensworth State Historic Park. Sukulu ija ya 1912, imene inaphunzitsa ana mpaka 1972, inakonzedwanso. Nyumba ya Colonel, nyumba ya mabuku, tchalitchi cha Baptist, hotela ndi masitolo zinakonzedwa kapena kumangidwanso pa maziko ake. Mayi Alice Royal, obadwira m'mudzimo mu 1923, anasonkhanitsa zimene ankakumbukira iwo ndi anzawo m'buku lotchedwa Allensworth, the Freedom Colony, kuti mbiri ya mabanja isatsikire m'manda pamodzi ndi okalamba.

Tisadzinamize kuti mudzi unauka. Nyumba zokonzedwazo zilibe utsi, ndipo m'khitchini zake simuphikidwa kanthu. Ndi bwinja losesedwa bwino. M'mbali mwake mukukhala anthu mazana ochepa, ambiri a iwo antchito a m'minda olankhula Chisipanishi, amene asunga dzina la Allensworth pa makalata awo, nalandiranso cholowa cha vuto lakale lija, pakuti kufikira zaka zathu zino akhala akulimbana ndi arsenic m'madzi awo akumwa. Ndipo madzi saiwala khwawa: mu 2023, itagwa mvula yambiri ndi chipale chochuluka m'mapiri a Sierra Nevada, nyanja ya Tulare inabwerera pamalo pake, nimiza maekala oposa 100,000 a minda, ndipo mu Malichi chaka chimenecho anthu a ku Allensworth, amene mudzi wawo unazunzika zaka zonsezo ndi ludzu, anagwira mafosholo ndi matumba a mchenga kutchinga madzi kuti asalowe m'nyumba zawo.

Njanji ija ikadalipo, ndipo sitima za anthu zimadutsa tsiku ndi tsiku pakati pa Bakersfield ndi Fresno osaima, pokhapokha gulu la anthu litapempheratu. Zimaima pa masiku a chikumbutso, makamaka mu Juni pokondwerera kutha kwa ukapolo, ndi mu Okutobala pokumbukira kutsegulidwa kwa malowo. Pamasiku amenewo zidzukulu ndi zidzukulutudzi za oyamba aja zimatsika pamodzi ndi alendo, ena atavala zovala za nthawi ya makolo awo, niziyenda mumseu wa Sojourner kulinga kusukulu, fumbi lotuwa la m'chigwa likukwera m'nsapato zawo. Ndipo apa ndi apo gogo wina amaima pa malo opanda kanthu, pomera udzu wouma, nagwira mdzukulu wake paphewa, namulozera pamene panali khomo la nyumba ya agogo ake.